Njinga ya Munthu Wosafulumira

Kuno kuchigwa, kuyambira ku Mtakataka kudutsa pa Mua mpaka ku Golomoti, njinga yamoto ili ngati khasu: munthu amaigula kuti imudyetse. Imasenza matumba a mpunga wa ku Bwanje, madengu a usipa ochokera kunyanja, malata, nkhuku, mwinanso wodwala atamangidwa ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa. N'chifukwa chake yanga imadabwitsa anthu. Ndi yaitali, yotsika, yolemera, ndipo ilibe keliyala yomangapo katundu. Anyamata a kabaza ataizungulira pasiteji, mmodzi anandifunsa kuti, “Madala, nanga imeneyi ntchito yake n'chiyani?” Sanafunse monyoza ayi. Amafunadi kudziwa, ndipo funso lakelo ndi loyenera kulilingalira mofatsa.

Njingayo ndi Yamaha Virago 535, yakalekale. Anabwera nayo kuchokera ku Joni ndi mwana wa achimwene anga, ndipo atafuna ndalama yofolerera nyumba anandigulitsa. Ndi ya mtundu umene amautcha cruiser, womwe kapangidwe kake kanachokera ku America, kwa makampani monga Harley-Davidson imene inayamba mu 1903 ku Milwaukee. Kumeneko njinga zotere ndi zimphona. Makampani a ku Japan anatenga maonekedwe omwewo n'kupanga zocheperako, zoti munthu wamba atha kuzigwira, ndipo Virago 535 inayamba kutuluka mu 1987. Injini yake ili ndi masilinda awiri okhala mopanda ngati chilembo cha V, imazizira ndi mphepo, ndipo magiya ndi asanu. Tcheni ilibe, mphamvu imafika kutayala lakumbuyo kudzera pa shafuti yotsekeredwa mkati, chinthu chimene ndimachiyamikira kwambiri m'fumbi la kuno. Imalemera makilogalamu oposa 180, pamene njinga za kabaza zambiri zili m'ma 110 mpaka 125. Koma chimene chinandikopa ine ndi mpando wake, umene uli masentimita 70 okha kapena kupitirira pang'ono kuchokera pansi.

Ndinayamba kuyendetsa imvi zitatuluka kale. Munthu wophunzira atakula sakhala ndi mantha a liwiro kwenikweni, poti liwirolo saliputa n'komwe. Chimene amaopa ndi kuima. Njinga zimene alangizi a zaulimi ndi azaumoyo amayendera m'midzi, monga Yamaha DT ndi AG, ndi zazitali chifukwa anazipangira misewu yoipa, ndipo wamfupi ngati ine akaima amangogunda pansi ndi zala za kuphazi. Pa cruiser umaponda ndi mapazi onse awiri, mawondo atapindika, msana uli chilili. Kulemera kwake kuli m'munsi, ndiye ikapendekeka pang'ono umaibweza ndi ntchafu. Injini nayo siidzidzimutsa. Imakoka bwino isanalire kwambiri, kotero kuti dzanja likaterereka pa kilatchi njingayo siilumpha. Zapakatikati zonse zimene anthu amauza ophunzira kuti ayambire, kaya Honda Rebel 500 ya 471cc imene inatuluka mu 2017, kaya Royal Enfield Meteor 350 ya ku India, ubwino wake wagona pomwepa. Komabe malamulo amaiwerenga yangayi ngati njinga yaikulu. Laisensi ya A1 imalekera pa 125cc, ndipo yoposa pamenepo imafuna laisensi ya A. Ndikuona kuti lamuloli ndi lolondola, chifukwa njinga yofatsa ya makilogalamu 180 ikakugwera mwendo siisiyana ndi yolusa.

M5 pamapu ndi msewu waukulu wolumikiza Salima ndi Balaka, koma kwa ife okhala m'mbali mwake ndi bwalo la pamudzi. Amayi amayalapo malonda, ana amadutsapo popita kusukulu ndi kumjigo, ngolo za ng'ombe zimalowamo kuchokera m'tinjira tobisika kuseri kwa milambe. Mbuzi imaima m'mphepete ngati yaganiza zokhala, kenako mwana wake akalira tsidya lina imangodumpha. Ndinawerengetsa tsiku lina kuti munthu woyenda makilomita 80 pa ola amadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi. Chiyambire kudziwa zimenezi, dzanja langa lamanja limakhala pafupi ndi buleki yakutsogolo, imene imagwira gawo lalikulu la ntchito yoimitsa njinga. Ambiri amaiopa buleki imeneyi poganiza kuti iwaponya kutsogolo, ndiye amadalira ya kuphazi yokha, tayala lakumbuyo n'kumakwekwereza. Chofunika n'kuifinya pang'onopang'ono, ngati ukuiuza kaye njingayo kuti tikuima, kenako n'kulimbitsa.

Pa Mua pali sukulu ya ana osamva. Ndikamayandikira dera limenelo ndimakumbukira kuti hutala si chilankhulo cha aliyense. Mwana amene ali patsogolo pangayo mwina sakumva injini, sakumva hutala, ndipo palibe cholakwa chimene wachita. Udindo wonse uli kwa ine amene ndikumuona. Maganizo amenewa anandisintha ngakhale m'malo ena, moti masiku ano aliyense woyenda m'mphepete mwa msewu ndimamutenga ngati sanandimve.

Palinso kuima kwina kumene sikulembedwa m'buku la malamulo a pamsewu. Ukaona masamba aikidwa modutsa msewu, umadziwa kuti pamudzipo pagwa zovuta. A njinga zakapalasa amatsika n'kumakankha, amuna amavula zipewa. Ine ndimatsitsa giya mpaka injini itangotsala pang'ono kuzima, ndipo ngati ndi pamudzi podziwika ndimaima, kuzimitsa, kuvula helemeti n'kukapepesa. Nthawi yachilimwe, gule akatulukira pamsewu, umampatsa njira n'kudikira mwaulemu kuti adutse. Ukakumana ndi akuluakulu sungangokweza dzanja uli chithamangire. Umaima, n'kunena kuti, “Wawa agogo, mwaswera bwanji?” ndipo iwo amayankha mosafulumira, kufunsa za kunyumba, za ana, za mvula. Njinga yovuta kuimitsa imamuyesa munthu kuti angodutsa, aonane nawo tsiku lina. Yanga siindipatsa chowiringula chotere. Ndaona kuti chiigulireni ndimapereka moni kwa anthu ambiri kuposa pamene ndinkakwera minibasi, momwe mudzi wonse umangodutsa pawindo.

Pali pamene njingayi imagonja, ndipo pamenepo ndi pomwe phula lathera. Njinga zonse za mtundu umenewu mimba yake ili pafupi ndi nthaka, ndipo tayala lakutsogolo linatambalala patali. Mumchenga wa njira zopita kunyanja chiwongolero chimalemera, tayala n'kumafuna kudzisankhira kolowera. Nthawi yadzinja, Namikokwe, Nadzipokwe ndi Livulezi ikasefukira kuchokera kumapiri n'kusiya matope m'njira za m'midzi, yanga imagona m'nyumba. Apa anyamata a njinga za Boxer ndi Lifo ndiwo akatswiri. Amadutsa pamene ine ndaima, atanyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga, mapazi ali lendelende kupalasa mchenga. Ndimawayang'ana ndi ulemu weniweni. Nkhani ya zipangizo nayo ndi yofuna kudekha, chifukwa za njinga za kabaza zili m'golosale iliyonse pa Golomoti, pamene zanga ndimaitanitsa kwa abale a ku Joni n'kudikira basi. Mafuta akasowa m'dziko, monga zakhala zikuchitikira kuyambira 2022, injini ya 535cc imandikumbutsa kuti imamwa kuposa zinzake, ndipo petulo wa m'zigubu ndimamusefa kaye ndi nsalu yoyera asanalowe m'thanki.

Koma ndikafuna kukumbuka chifukwa chimene ndimaikondera, ndimakwera Khwekhwelere. Msewu umenewu umachoka pa Golomoti n'kukwera mapiri mokhotakhota mpaka pa Masasa, pamene umakumana ndi M1. Kuchigwa kuno tili pafupi ndi msinkhu wa nyanja ya Malawi, mamita ngati 500 pamwamba pa nyanja zamchere, pamene boma la Dedza lili m'ma 1,600. Kusiyana kumeneku m'galimoto umangokuona, koma panjinga umakumva pakhungu. Umanyamuka m'mwezi wa Okutobala thukuta lili kamukamu mkati mwa jekete, kutentha kwa injini kukuwawula miyendo. Ukakhota makona angapo mphepo imayamba kusintha. Fungo la fumbi ndi utsi wa m'minda limatsalira m'munsi, n'kubwera la udzu wa kumapiri. Milambe imatha. Pofika pamwamba umakhala ukukoka zipi mpaka m'khosi.

Pali malo ena pamene ndimakonda kuima n'kutembenuka. Chigwa chonse chimaoneka chitayalidwa: njanji yochokera ku Balaka kupita ku Salima, minda ya mpunga, magalasi a magetsi a dzuwa a pa Golomoti amene anayamba kugwira ntchito mu 2022 ndipo amapanga mamegawati 20, ndiye kutali uko nyanja ili mbee. M'mbali mwa msewu amisiri amagulitsa timagalimoto, tindege ndi tinjinga tosema ndi mtengo, tokhala ndi matayala ozungulira bwinobwino. Mmodzi wa iwo anayang'anitsitsa injini yanga nthawi yaitali, akuyeza ndi zala mmene masilinda apandira. Sanandifunse mtengo wake kapena liwiro lake. Amafuna kuona mmene inalumikizidwira.

Kutsika ndiye kumafuna mutu wonse. Msewuwu wapha anthu, makamaka pamene mabuleki a galimoto zolemera atentha n'kuleka kugwira. Pamtsetse wautali chotere suyenera kukakamira buleki. Umalowa giya yachiwiri kapena yachitatu kuti injini izikugwira, liwiro n'kulichepetsa usanalowe pakona, osati uli kale mkati. Maso amayang'ana kumene ukufuna kupita, chifukwa njinga imatsata maso, ndipo woyang'ana phompho amalowera kuphompho. Cruiser siilola kupendekeka kwambiri. Ukaonjeza, popondera pamakhula phula. Ena amati chimenechi n'chilema chake. Kwa ine ndi chenjezo lobwera nthawi yabwino, pamene matayala akadali ndi mphamvu yogwira msewu. Panthawi imeneyo m'mutu simukhala ngongole, simukhala nkhawa ya feteleza, muli kona ili patsogoloyi basi. Ndikafika pa Golomoti ndimapeza mtima uli phee kuposa mmene ndinanyamukira.

Komabe kufatsa kwangaku sindingakuyese nzeru zanga zokha. Ndimayenda pang'onopang'ono chifukwa palibe amene akundidikira ndi dzanja lotambasula madzulo. Mnyamata wa kabaza nthawi zambiri njinga si yake. Mwini wake amafuna ndalama yake ya tsiku, mafuta akwera, pasiteji pali anzake ambiri olimbirana wokwera mmodzi. Akathamanga, akutha kubwerera msanga kudzatenga wina. Akanyamula atatu, ndiye kuti kunyumba kugulidwa ndiwo. Ambiri anaphunzira kwa mnzawo pabwalo la mpira masana amodzi, mawa lake n'kuyamba kunyamula anthu, opanda laisensi chifukwa ndalama ya sukulu yoyendetsa ndi ya mayeso inawakulira. Madokotala a mafupa ku Kamuzu Central Hospital ndi ku chipatala cha LION ku Lilongwe akhala akudandaula kuti mabedi awo akudzaza ndi ovulala pa ngozi za njinga zamoto. Amenewo ndi ana athu, ena ndinawaona akukula. Bungwe la WHO limanena kuti helemeti yabwino, yovalidwa moyenera, imachepetsa ngozi yovulala ubongo ndi magawo ofika 74 pa 100 alionse. Koma kuno helemeti yabwino ndi yodula, kutentha kumafooketsa woivala, ndipo wokwera amakana kuvala imene yavalidwa ndi anthu ena tsiku lonse. Zimandipweteka ndikaona mnyamata ataikoleka pachiwongolero, kuisungira pamene pali apolisi. Ndikamacheza nawo sindiyamba ndi kuwadzudzula. Ndimawafunsa za mchenga, iwo n'kundiphunzitsa kuti ndisamalimbane ndi chiwongolero komanso ndisamatseke mafuta mwadzidzidzi. Tikatero mpamene nkhani ya buleki yakutsogolo ndi lamba wa helemeti imalowa bwino.

Pa Mua pamabwera alendo ochokera kutali kudzaona mishoni imene inayamba mu 1902 ndi malo a zachikhalidwe a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Ena amafika pa njinga zikuluzikulu zomangidwa mabokosi, akuchokera ku Cape Town kulowera kumpoto. Ukacheza nawo amakamba za ufulu, za kukhala wekha ndi msewu. Ndimawamvetsa, poti pa Khwekhwelere inenso ndimalawako zimenezo. Koma munthu wokhala pamudzi sangakhale ndi njinga ya yekha. Mpando wakumbuyo uli ndi eni ake ambiri: mlamu wopita kukatenga mankhwala, mwana wa mlongo wanga wobwerera kusukulu yogonera konko, a mpingo opita kukazonda matenda. Ndinagula helemeti yachiwiri, ndipo ndimaichapa mkati kuti wina asaikane. Amene sakufuna kuvala ndimamupepesa kuti sitinyamuka. Poyamba ena ankakhumudwa, koma tsopano amaitenga okha pamsomali.

Usiku chitseko chikagogodedwa, nkhani imakhala ya wodwala wofunika kufika ku chipatala cha Mua. Ngati ali pafupi ndi phula ndipo atha kukhala tsonga n'kundigwira, ndimamunyamula. Ngati ndi mayi woyembekezera wa kumudzi wa kumchenga, njinga yanga si yoyenera, ndipo sindiyesa n'komwe. Ndimaimbira mnyamata wina wa Boxer amene ndimamudalira, wodziwa njira zonse za kumeneko. Iye amanyamula mayiyo, ine ndimadikira pamene njirayo yatulukira pa M5 n'kutenga womudikirira pamodzi ndi beseni ndi zitenje. Kuchokera pamenepo ndimatsogola, chifukwa nyali yanga imawala patali ndipo maenje ndi ng'ombe zogona pamsewu ndimaziona msanga. Mafuta a mnyamatayo timasonkherana m'mawa ndi abale a wodwala.