KODI ENI DZIKO ACITA BWINO AKAKANA CUMA CA ALENDO?

Pali funso limene libvuta anthu anzeru m'maiko ambiri masiku ano, ndipo ife tiyenera kulilingalira modekha. Funsolo ndi ili: munthu wacuma akafika pa mudzi wa anthu osauka okhala m'mbali mwa nyanja, nanena kuti afuna kumanga pa gombe lao nyumba zazikuru zogonamo alendo, nalonjeza nchito ndi ndalama ndi miseu, kodi eni mudziwo acita bwino akakana? Ena ati kukana kotere ndi umbuli ndi kuuma mutu. Ena ati ndi nzeru. Kuti tisaweruze mlandu m'malere, tiyeni titenge nkhani ya malo amodzi eni eni, tione cimene cinacitika kumeneko, ndipo pambuyo pace tiyese mau a mbali zonse ziwiri.

Ku nyanja ya Caribbean kuli cisumbu cacing'ono cochedwa Barbuda, ngati mailosi 30 kumpoto kwa Antigua. Zisumbu ziwirizi ziri dziko limodzi, limene linalandira ufulu wodzilamulira lokha kucokera kwa Angerezi pa 1 November 1981. Barbuda ndi dziko lacidikha, la mcenga woyera. Anthu ace safika 2,000, ndipo pafupi-fupi onse akhala m'mudzi umodzi, dzina lace Codrington. Dzinali ndi la banja la Angerezi limene linabwereka cisumbuco kwa mfumu yao m'caka ca 1685, pa mtengo wa nkhosa imodzi yonenepa caka ndi caka. Banjalo linaikapo akapolo a ku Africa kuti aziweta zoweta ndi kulima zakudya za anthu a m'minda yao ya nzimbe ku Antigua. Ukapolo utatha m'caka ca 1834, eni akapolo analandira malipo kwa Boma la Angerezi, koma akapolowo sanalandire kanthu, ngakhale kamunda komwe. Tsono iwo anangokhala pomwepo, nalima pamene anafuna, nasaka agwape m'chire, nagwira nsomba ndi nkhanu m'nyanja. Ndipo a Codrington atacoka m'caka ca 1870, mwambo unakhazikika wakuti dziko lonse ndi la anthu onse pamodzi. Mwana wa pa Barbuda akafuna malo omangapo nyumba kapena olimapo ankapempha napatsidwa osalipa, koma sankatha kuwagulitsa. M'caka ca 2007 Nyumba ya Malamulo inalemba mwambowu m'lamulo, niti dzikolo silingagulitsidwe, ndi kuti nchito yaikuru iri yonse ya alendo isayambike anthu asanabvomere.

Koma mcenga woyera uja unali utalowa kale m'maso mwa anthu acuma. M'caka ca 2015 Robert De Niro, munthu womveka wa masewera a kanema wa ku America, pamodzi ndi James Packer wa ku Australia, anafuna kumanga hotela ya madola 250 miliyoni pa gombe la kumwera. Pa msonkhano wa mudzi anthu 206 anabvomera, 175 anakana, ndipo okanawo anadandaula kuti kuwerengako sikunayende bwino. Caka comweco Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lapadera lomasula nchito imeneyi ku zofuna za lamulo la 2007.

Pamenepo tsoka linafika. M'bandakuca wa pa 6 September 2017 namondwe woopsa wochedwa Irma anagunda cisumbuco. Nyumba 9 mwa 10 ziri zonse zinapasuka kapena kusasuka madenga, ndipo mwana mmodzi anafa. Poopa namondwe wina, wochedwa Jose, Boma linasamutsira anthu onse ku Antigua, cisumbu nicitsala bwinja, cinthu cimene sicinaoneke zaka 300. Anthu asanabwerere kwao, makina anayamba kugwetsa chire lomangapo bwalo latsopano la ndege, cilolezo cace cisanaperekedwe. Nduna Yaikuru, Gaston Browne, inanena kuti umwini wa pamodzi uja ndi nthano cabe, nilonjeza kugulitsa kwa munthu ali yense malo a nyumba yace pa dola imodzi, kuti akhale ndi kalata ya umwini yokakongolera ndalama ku banki. M'caka ca 2018 lamulo la 2007 linafafanizidwa. Kampani ina, yochedwa Peace, Love and Happiness, inamanga nyumba za anthu olemera ndi bwalo la masewera a gofu ku Palmetto Point, pafupi ndi thamanda lalikuru la Codrington, m'mene muswana nsomba ndi nkhanu, ndi m'mene mbalame za kunyanja zikwi zambiri zimanga zisa zao pa mitengo yomera m'madzi a mcere.

Okana aja anapita ku milandu, kufikira ku bwalo la Privy Council ku London, limene liri bwalo lotsiriza la dziko lao. M'mwezi wa June 2022 bwalolo linagamula kuti Mackenzie Frank ndi Trevor Walker analibe umwini wa dziko wotere woti malamulo akuru a dziko auteteze. Koma pa 27 February 2024 linagamula kuti John Mussington, wodziwa za zamoyo za m'nyanja, amene kale anali mkuru wa sukulu, ndi Jacklyn Frank, mphunzitsi wopuma pa nchito, ali ndi ufulu wakuimba Boma mlandu pa za bwalo la ndege lija. Ngakhale zinatero, bwalo la ndegelo linatsegulidwa m'mwezi wa October caka comweco.

Imeneyi ndiyo nkhani yace. Tsopano tiweruze bwanji?

Tisafulumire kunena kuti Boma ndi amalonda alibe mau omveka, pakuti ali nao. Iwo ati: cisumbu ca anthu ocepa otere sicingathe kudzilipirira cokha cipatala, sukulu ndi magetsi; zaka zambiri cadalira thumba la Antigua; anyamata ndi atsikana ace acoka kunka ku Britain ndi ku America cifukwa cosowa nchito; ndipo munthu wopanda kalata ya malo sangakongole ndalama zomangira nyumba yolimba. Mcenga woyera sudyedwa, ndipo mwana wanjala sakhuta kukongola kwa gombe. Akuru anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Tisaiwalenso anthu 206 aja amene anabvomera: iwonso ndi ana a Barbuda, ndipo kukhumba kwao kwa nchito sikuli cimo. Iye amene anyoza mau awa, mwina sanagonepo ndi njala.

Komatu pali zinthu zitatu zimene mau onsewa sazifika, ndipo mlandu wagona pa izo.

Coyamba ndi kubvomera kwa eni. Munthu abvomera zoona pokha-pokha pamene adziwa cimene afunsidwa, nakhala ndi mphamvu yakukana. Taganizani wamalonda wofika kwa mkazi wamasiye tsiku lomwe la maliro kudzagula ng'ombe za mwamuna wace. Ngakhale mtengo wace ukhale wabwino, mudzi wonse udzamcitira manyazi, cifukwa wasankha nthawi imene mnzace sangathe kulingalira. Anthu a Barbuda anali obalalika m'dziko la eni, ena ogona m'bwalo la masewera, osadziwa ngati nyumba zao ziripo. Ndipo nthawi imeneyo ndiyo chire lao linagwetsedwa ndi mwambo wa makolo ao unachedwa nthano. Cikonzero cikakhala cabwino, cidzakhala cabwinobe patapita caka, eni ace atabwerera nakhala pansi pa bwalo. Iye amene afulumira kugwira nchito eni asanafunsidwe aonetsa kuti aopa yankho lao. Ndipo cabwino cimene munthu apatsidwa mokakamiza cimcotsera kanthu kena, pakuti cimuyesa mwana wosayenera kufunsidwa za nyumba yace yomwe.

Caciwiri ndi kusiyanitsa zinthu zobwezeka ndi zosabwezeka. Malipiro a mwezi atha ndi mwezi womwewo, ndipo kampani imene yadza ingathenso kucoka. Barbuda adziwa zimenezi bwino, pakuti pa malo omwewo amene De Niro anawafuna panali kale hotela yomveka yochedwa K Club, kumene Princess Diana ankadza kudzapuma. Inatsekedwa m'caka ca 2004, nyumba zace nizitsala mabwinja. Koma pangano lakubwereka dziko zaka 99 lipitirira moyo wa onse amene analibvomera. Milu ya mcenga ya m'gombe ndi mitengo ya m'thamanda ndizo zimene zichinga mudzi ku mafunde a namondwe, ndipo zikacotsedwa sizibwerera m'masiku a munthu mmodzi. Kalata ya dola imodzi ija nayo iri ndi mbali ziwiri: malo amene angakongoleredwe ndalama angalandidwenso ngongole ikakanika, ndipo malo amene angagulitsidwe, wosauka adzawagulitsa m'caka ca bvuto, mtengo wace nudzakwera kufikira ana ace sangathe kuwaombola. Madzi akatayika saoleka. Cifukwa cace sikuyenera kuti mbali ziwirizi ziyesedwe pa muyeso umodzi. Wokana akalakwa, hotela ingamangidwe caka ca mawa. Koma wobvomera akalakwa, adzukulu ace adzayenda ngati alendo pa gombe la makolo ao. Ana osabadwa sakweza dzanja pa msonkhano, ndipo nthawi zambiri wokanayo ndiye yekha amene awalankhulira. Tsono katundu wakutsimikiza kuti cinthuco ndi cabwino ayenera kusenzedwa ndi iye wofuna kusintha cosabwezeka.

Cacitatu ndi kusiyana kwa lamulo ndi cilungamo. Sititsutsa kuti oweruza a ku London anawerenga bwino malamulo amene anaikidwa pamaso pao. Koma tifunse: anawalemba ndani malamulowo? Lamulo la m'caka ca 1904 linayesa anthu a Barbuda obwereka cabe pa dziko la mfumu ya Angerezi, ngakhale makolo ao ndiwo analilima ndi thukuta lao zaka zoposa 200. Kusowa kwao kwa kalata ndi cipsera ca ukapolo: mbuye analipidwa, kapolo sanapatsidwe kanthu. Kutenga kusowa kumeneku ndi kukuyesa umboni wakuti alibe dziko ndiko kuwalipitsa kawiri pa mlandu umene si iwo anaupalamula. Onaninso kuti m'Nyumba ya Malamulo ya dzikolo muli mipando 17 ya osankhidwa ndi anthu, ndipo Barbuda ali ndi umodzi wokha. Anthu a ku Antigua angathe kupambana pa kuwerenga manja tsiku liri lonse. Pamene ziri tero, cocinjiriza ocepa ndi cikumbumtima ca ambiri, kuti adziletse okha pa cinthu cimene mphamvu iwalola koma cilungamo ciwakaniza. Kuculuka kwa manja kungasankhe njira ya mseu kapena kukula kwa msonkho. Koma sikuyeretsa kulanda kwa ocepa cinthu cokhaco cimene makolo ao anaturuka naco mu ukapolo.

Pakutero sitinena kuti kukana kuli konse ndi kwabwino. Okana nao ali ndi mangawa. Zaka zambiri namondwe asanadze, mcenga wa ku Palmetto Point unali kukumbidwa ndi kutengedwa m'zombo kukagulitsidwa kunja, dziko likali la anthu onse pamodzi. Motero umwini wa pamodzi pa wokha susunga dziko ngati eni ace agona. Amene ati iai kwa mlendo ayenera kukhala ndi yankho kwa mnyamata wosowa nchito, pakuti kumuuza za makolo ace osamuonetsa kumene kudzacokera cakudya ca mawa ndiko kumpirikitsira kutsidya kwa nyanja. Sayeneranso kucha mnansi wao wolembedwa nchito ku hotela dzina la wogulitsa mtundu, popeza iyenso afuna kudyetsa ana ace. Ndipo ciri coyamikika kuti ambiri a okana a ku Barbuda ananena poyera kuti sakana citukuko conse, koma afuna kufunsidwa, ndi kuti malamulo osunga dziko atsatidwe ndi Boma lomwe.

Tsono yankho lathu ndi ili. Eni dziko acita bwino akakana pamene sanafunsidwe mwa ufulu, pamene cofunidwaco sicingabwezeke, ndi pamene phindu lace lalikuru lipita kwa ena koma kutaya kwace kutsala ndi iwo. Ndipo ngakhale pamene anthu anzeru asiyana maganizo za phindulo, mau otsiriza ayenera kukhala a iwo amene adzatsala pamenepo alendo atapita. Oweruza a m'caka ca 2024 ananena cinthu coyenera kukumbukika: kuti munthu safunika kukhala katswiri kuti afunse za kuonongeka kwa dziko, koma msodzi wamba kapena wokonda mbalame ali ndi ufulu womwewo, malinga akhale wosamaladi za malowo.

Owerenga okondedwa, tsiku lina mlendo wa malonjezo okoma akadzafika pa bwalo lanu, mumlandire mwaulemu, mumpatse mpando, mumve mau ace onse. Koma musanabvomere mumfunse mafunso atatu: Kodi anthu onse amva, nayankha opanda mantha? Kodi cinthuci cikalephera, tidzatha kubwezera dziko monga linaliri? Ndipo zaka 50 zikapita, adzakhala mwini pano ndani? Mlendo woona mtima sadzakwiya ndi mafunso amenewa, ndipo adzalinda kufikira mwamuyankha.