Kodi Mphatso Yothandiza Odwala Iri Yonse Njabwino?

Inu akatekumeni, muli kudziwa kuti anthu a ku nyanja, ku Metangula ndi ku Cóbuè, amabvika cinangwa cowawa m'madzi asanasinje. Caka ca 1981 kunagwa cirala ku Nampula, ndipo njala inawadyetsa anthu cinangwa cosakonzeka bwino. Oposa 1,000 anauma miyendo, ambiri a iwo ana ndi amai. Nthendayi Amakua anaicha mantakassa. M'maiko ena ndi konzo. Madokotala, mmodzi wa iwo Hans Rosling wa ku Sweden, anafufuza napeza kuti ululu wa m'cinangwa ndiwo umaononga mitsempha yoyendetsa ziwalo. Kufufuza kotere ndi ncito ya cifundo ndithu.

Iripo nthenda ina ya mitsempha yomweyo, dzina lace ALS. Imafooketsa manja, miyendo, lilime, potsiriza mpweya, koma nzeru kawirikawiri zikhalabe. Caka ca 2014 anthu a ku America anadzithira madzi ozizira pamutu poitana anzao kuti asonkhe, ndipo bungwe la ALS Association linalandira madola 115 miliyoni.

Tsono bvuto liri apa. Akatswiri ena amafuna maselo oyambira, tizigawo ta thupi tosaoneka ndi maso, timene tingasanduke mtsempha kapena mnofu. Ena amatitenga m'mluza wa munthu wa masiku asanu, ndipo mluzawo umafa. Eklezia aphunzitsa kuti moyo wa munthu uyamba pa kutenga pathupi, ndi kuti lamulo lacisanu litcinjiriza wamng'onoyo monga litcinjiriza nkhalamba. Nkosaloleka kupha mmodzi kuti wina acire.

Kodi tsono mkristu apinde manja? Iai. Ndi capafupi kukana kupereka nkumati ndi cikumbumtima, pamene ndi umbombo cabe. Arkidayosizi ya Cincinnati, pomva kuti bungwelo linali kulipira kufufuza kwina kwa miluza, inauza masukulu ace kuti asonkhebe, koma atumize ndalama kwa ofufuza osakhudza miluza. Inunso, pakubwera wosonkhetsa, funsani kumene ndalama ipita; mukakhutira, perekani mosaumira.

Njira ina iriponso. Caka ca 2007 Shinya Yamanaka wa ku Japan anapanga maselo oyambira kucokera ku khungu la munthu wamkulu, osapha mluza. Lero akatswiri amatenga kakhungu ka wodwala ALS, namereza mitsempha yace m'mbale, nayesapo mankhwala. Ocizitsa nthendayi sanapezeke.