Nthano Yopanda "Tili Tonse"

Kuno ku Dedza, mwezi wa June ukafika, ana amabwera ku madrasa manja ali m'khwapa chifukwa cha chisanu. Chaka chino taona zachilendo: anyamata akuthamanga chowerama, mikono ataiponya kumbuyo. Titafunsa, anati umo ndi mmene amathamangira Naruto.

Naruto ndi mnyamata wa m'nthano yazithunzi ya ku Japan imene Masashi Kishimoto anayamba kuitulutsa mu 1999. Palibe anaiitanitsa monga tiitanitsira galimoto za kumeneko. Inalowa yokha kudzera pa YouTube, TikTok ndi timakanema togawana pa WhatsApp. Pachipata chathu cha malire ndi Mozambique katundu amaimitsidwa nkufunsidwa mapepala, koma foni imadutsa ili m'thumba. Inu abale a ku Salima ndi Mangochi, tikhulupirira kuti kuthamanga komweku mwakuona pamchenga.

Makolo ena akuti tingoletsa. Ife tikuzengereza. Naruto ndi mwana wamasiye amene mudzi wonse unkamusala, ndipo ife amene Mtumiki wathu (SAW) anakula ali wamasiye sitinganene kuti nkhani yotere ilibe kanthu.

Chotidetsa nkhawa nchina. Agogo akati "Padangokhala," tinkayankha kuti "Tili tonse," ndipo iwo ankaona nkhope zathu: akaona mantha ankafewetsa mawu, akaona kusamvetsa ankabwereza. Ngakhale m'kanyumba koonetsa mafilimu pamsika tinkakhala chigulu, mwini wake tikumudziwa ndi dzina. Foni yachotsa munthu wapakatiyo. Nthano ikuchoka ku Tokyo nkufika m'bulangete la mwana usiku, osadutsa m'khutu la wamkulu aliyense.

Mu Dragon Ball, imene Akira Toriyama anaiyamba mu 1984, wosonkhanitsa mipira isanu ndi iwiri amadzutsa chinjoka chotha kubweza akufa. Patapita mwezi chiikireni bambo wina m'manda, mwana wake wa zaka 8 anatifunsa motsitsa mawu: "A Ustazi, kodi munthu amaloledwa kubwerera kangati?" Tinamufotokozera za tsiku la Kiyama, misozi ili pafupi. Koma funsolo anali atagona nalo yekha masiku makumi atatu, ife aphunzitsi ake tili kalikiliki kukonza katchulidwe kake ka zilembo za Chiarabu.

M'mawa mwake tinapempha mayi ake atibwereke foniyo. Itatha Swala ya Asr tinakhala pamkeka ndi ana khumi ndi awiri. Sitinamve liwu ndi limodzi lomwe la Chijapani; mwana uja ndiye ankatilongosolera, akuloza ndi chala yemwe anafa ndi yemwe anabwerera.