Kodi Tiri ndi Mangawa kwa Galu?

Ku America kuli kagalu kochedwa rat terrier. Alimi a kumeneko anakaweta makamaka kuti kazipha makoswe m'nkhokwe ndi m'makola. Nkakang'ono, kaubweya waufupi, kaliwiro ndi kochera khutu. Masiku ano nchito ija inacepa, koma eni ace sanakataye ai. Kamagona m'nyumba, kamadya pa nthawi yace, ndipo kakadwala amapita nako kwa dotolo wa ziweto.

Ife kuno ku Phalombe tikamva zotere timaseka. Komatu galu wathu, ngakhale alibe dzina la mtundu, nchito yace iposa ya kagalu kaja. Usiku alonda pakhomo, masana apitikitsa anyani m'minda ya m'tsinde mwa Michesi, m'malimwe atsagana ndi anyamata kukasaka akalulu. Nanga malipiro ace nciani? Mkute wa nsima, ukakhalapo, ukasowa, mwala.

Wina adzati: Mwezi wa February ana anga agona ndi njala, kodi ndidyetse galu? Mau amenewa ngoona ndithu, ndipo woyamba kudya ndiye mwana. Katekisimu wa Eklezia wa 1992 aletsa kumwaza pa nyama cuma cimene cikadathandiza anthu obvutika. Koma pa ndime yomweyo aletsanso kuzunza nyama popanda cifukwa. Galu sanadziitane yekha pakhomo pathu. Munthu anapita kwa mnzace kukapempha kamwana kagalu, nakafukata m'manja kufikira kwao, ndipo tsiku lomwelo anadzisenzetsa mangawa. Amene aona kuti mphika wace ngwaung'ono asatenge agalu atatu. Mmodzi akwana, kapena angoleka konse. Pamenepo palibe colakwa.

Mangawa amenewa sathera pa galu yekha. Galu wanjala sakhala pakhomo. Ayendayenda m'midzi, alumana ndi anzace, ndipo ndimo ciwewe cifalira. Nthenda imeneyi ikayamba kuonekera pa munthu, mankhwala ace palibe, ndipo pakati pa ofa nayo pali ana ambiri, popeza ndiwo asewera ndi agalu. M'caka ca 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya katemera agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre. Odziwa za nthendayi atiuza kuti agalu 7 mwa 10 ali onse akabayidwa, ciwewe cileka kufala. Tsono munthu wocita mphwayi kutengera galu wace kwa alangizi a ziweto sacimwira galuyo yekha. Aika pa ngozi mwana wa mnzace wopita kukatunga madzi ku mjigo. Kunena kuti "wanga saluma" sikuthandiza kanthu, pakuti ciwewe cisandutsa ngakhale galu wofatsa.

Inu akatekisti, pocezera mabanja mufunseko ngati galu wa pakhomopo anabayitsa caka cino. Muwauzenso kuti munthu akalumidwa atsuke balalo ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone ngati galuyo adwala.