Kuyenda Pansi ku Luangwa

Kunja kukali m'bandakucha, tambala wangolira kachiwiri. Mtima wanga m'mawa uno uli kuchigwa cha Luangwa, dera lathu lomwe ife a ku Petauke ndi ku Nyimba, koma ambirife timangolimva m'kamwa mwa alendo. Zimenezi zimandiwawa.

Ngati mukuganiza zokayenda pansi m'nkhalango ya South Luangwa, yomwe idakhala paki ya boma mu 1972, dikirani chilimwe, pakati pa Juni ndi Okutobala. M'dzinja msewu wakale wochoka ku Petauke kupita ku Mfuwe umasanduka matope okhaokha, ndipo ambiri amazungulira ku Chipata. Poyenda pansi m'nkhalangomo simukhala nokha ayi. Kutsogolo kumakhala mlonda wa nyama ali ndi mfuti, inu pambuyo pake pamzere umodzi, pakamwa pali tseke. Valani zosawala, tengani madzi, nyamukani dzuwa lisanatuluke.

Mukatero makutu amatseguka okha. Masamba ouma a mitsanya akuswekera kuphazi. Pamchenga pali phazi la njovu lalikulu ngati lichero, ndowe yake ikali kutuluka nthunzi. Mlonda uja wakweza dzanja, nonse mwaima chilili pansi pa mvunguti, mukumva nthambi ikuthyoka chapafupi.