Anthu Anai Onyamula Mphasa

Mthenga Wabwino wa Marko Woyera, mutu 2, usimba za munthu wofa ziwalo amene anzace anai anamnyamula pa mphasa. Atasowa polowera, anasasula denga namtsitsira pamaso pa Ambuye Yesu. Ambuye anayamba amkhululukira macimo, pambuyo pace namdzutsa, kuonetsa kuti Mulungu asamala mzimu ndi thupi lomwe.

Mtsempha waukuru wa m'kati mwa msana ukaduka, mau ocokera ku ubongo safikanso ku miyendo, ndipo mtsemphawo sulumikizika wokha. Koma mitsempha yonunkhizira ya m'mphuno imamera mwatsopano moyo wonse, pothandizidwa ndi maselo oikuta. M'caka ca 1997 Geoffrey Raisman ndi anzace ku London anasonyeza kuti maselo otere, akaikidwa pa bala la msana wa khoswe, mwendo wakutsogolo wolemala uyambanso kugwira nchito. M'caka ca 2012 anzeru a ku Cambridge anasimba za agalu 34 apakhomo amene anali ovulala kale. Agalu 23 analandira maselo a m'mphuno mwao momwe, ndipo ambiri anayendetsa bwinopo miyendo yakumbuyo atawacirikiza ndi lamba. Komatu mtsempha sunabwerere mwakale, ndipo kwa anthu njirayi ikali kuyesedwa.

Kodi Eklezia atipo ciani? Katekisimu, pa ndime 2417 ndi 2418, alola kuyesa mankhwala pa nyama malinga n'kuti kusapitirire muyeso ndipo kuthandize moyo wa anthu. Koma kuzunza nyama cabe kunyozetsa ulemu wa munthu. M'caka ca 2008 kalata ya ku Roma, Dignitas Personae, inabvomereza maselo otengedwa m'thupi popanda kulipweteka, nikana kuononga kamwana kongoyamba kumene pofuna maselo ace. Moyo wa wina suguliridwa ndi imfa ya wosacimwa.

Tsono anzeru akali pa nchito, wodwala asagone yekha. Akatekisiti aphunzitse kuti kulemala si temberero ai, ndipo acenjeze mabanja kuti asataye cuma cao kwa olonjeza maciritso abodza. Akristu amtembenuze wodwala kawirikawiri kuti asacite zironda, amsambitse, amnyamule kunka ku Misa, amuitanire ansembe ndi Ukaristia. Mutu umodzi susenza denga. Anai aja sanaciritse munthu, koma anamfikitsa kwa Wociritsa, ndipo Ambuye anaona cikhulupiriro cao.