Piritsi la matenda osapweteka

Adokotala atandiuza kuti mafuta a kolesterol achuluka m'magazi mwanga, ndidangoseka. Palibetu pomwe pamandipweteka. Mnzanga wina adati: "Aise, ukayamba mapiritsi ndiye wagonja. Ingosiya chiwaya ndi mang'ina basi."

M'mawu akewo muli chiweruzo: wodwala ndi wosusuka, ndipo mankhwala ndi njira yozembera chilango. Kodi n'zoona? Kolesterol wambiri amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwe, ndipo ena vutoli n'lakumtundu, ngakhale azidya nkhwani zokhazokha. Mankhwala a statin, amene Akira Endo wa ku Japan adawatulukira m'chuku m'zaka za m'ma 1970, amabweza liwiro la chiwindicho. Mu 1994, kafukufuku wa ku Scandinavia pa odwala mtima 4,444 adapeza kuti simvastatin adachepetsa imfa ndi pafupifupi 30 peresenti.

Komatu amenewo adali odwala kale. Kwa munthu amene mtima sudamugwetsepo phindu n'locheperapo, ndipo ena amadandaula kupweteka kwa minofu. N'chifukwa chake adokotala amayamba aona zaka, BP, shuga ndi fodya. Wokana atamva zonsezi sitingamudzudzule.

Amene ndikulimbana naye ndi wokana chifukwa cha manyazi. Kodi thupi ili n'langa ndekha? Ana akudikira fizi, amayi kumudzi akudikira feteleza. Sitiroko ikandigwetsa, wondisambitsa ndi mayi a kunyumba, mnzanga uja adzangobwera kudzazonda.

Chiwaya ndachepetsa ndithu. Piritsi nalonso ndimamwa usiku uliwonse, osabisala.